KODI INJINI YA LOLE ICHEZERE KULIRA?

Omvera amene amakhala pafupi ndi chipata cha Mwanza, cha Dedza, cha Mchinji kapena cha Songwe amalidziŵa bwino phokoso limene limayamba dzuŵa likaloŵa. Malole akuluakulu ochokera ku Beira, ku Durban ndi ku Dar es Salaam amandanda m'mbali mwa msewu kudikira kuti kuche, ndipo pakati pawo sipalephera kupezeka ena amene injini zawo zimachezera kulira, galimoto ili chiimire, dalaivala ali m'tulo. Amakaniko amautcha mchitidwe umenewu idling. Anthu oyandikana ndi zipatazi anakuzoloŵera kulirako monga momwe anazoloŵerera kulira kwa achule m'dzinja, koma eni malole ndi madalaivala awo akali kutsutsanabe ngati kuchezeretsa injini kumaisunga kapena kumaipha.

Madalaivala achikulire amene anaphunzira ntchito pa malole a Bedford ndi a Leyland ali ndi zifukwa zawo, ndipo sizoyenera kuzinyoza. M'masiku amenewo injini ikazizira usiku inkavuta kudzutsa m'maŵa. Mabatire ankafooka msanga, sitata inkakana, ndipo ena ankachita kuyatsa kansanza pafupi ndi poloŵera mpweya kuti injini imve kutentha. Galimoto yaing'ono ikakana kulira, anyamata anayi amaikankha n'kulira, koma lole yosenza matani 30 a feteleza palibe mudzi umene ungaikankhe. Motero dalaivala amene anali kutali ndi kwawo, wopanda makaniko pafupi, ankaona kuti n'kwabwino kuwononga dizilo kusiyana ndi kugona masiku atatu m'thengo. Langizo limeneli linapatsiridwa kwa achinyamata, ndipo achinyamatawo akuligwiritsa ntchito pa injini zimene akuluakulu aja sanazionepo.

Ndi zoona kuti alipo maiko kumene kuzimitsa injini usiku kumakhala ngozi. Ku Yakutsk m'chigawo cha Siberia, ndi kumpoto kwa Canada, kuzizira kumafika madigiri 40 kunsi kwa ziro. Kumeneko dizilo amaundana ngati phula, oyilo amalimba, ndipo injini yozimitsidwa panja ikhoza kukaniratu kulira mpaka itatenthetsedwa. Kuzizira kwa pa Dedza mu June ndi July kumaluma khungu la munthu, koma sikuyandikira n'komwe pamenepo.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziŵa momwe injini ya dizilo imayatsira moto wake. Rudolf Diesel, amene injini yake inayamba kugwira ntchito bwino mu 1897 mumzinda wa Augsburg ku Germany, sanaikemo mapulagi othetheka ngati a injini ya petulo. Iye anadalira chinthu chimene aliyense wopopa tayala la njinga amachidziŵa: mpweya ukapanikizidwa umatentha, n'chifukwa chake pampu imafunda m'manja. M'kati mwa silinda, pisitoni imakwera n'kupanikiza mpweya mpaka utsale m'kadanga kochepa pafupifupi ka 17 poyerekeza ndi malo amene unali poyamba, ndipo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo dizilo amapoperedwamo ngati nkhungu, n'kuyaka yekha. Moyo wonse wa injini imeneyi wagona pa kutentha. Lole ikamakwera chitunda cha Chiŵeta ndi katundu wodzaza, dizilo amaloŵa wambiri, moto umakhala waukulu, zitsulo zimafufuma n'kugwirana bwino, ndipo mafuta amapsa pafupifupi onse. Munthu womva kubangula kwake angaganize kuti injiniyo ikuzunzika, pamene imeneyo ndiyo ntchito imene anaipangira.

Galimoto ikaima, zinthu zimatembenuka. Injini imazungulira pafupifupi ka 600 pa mphindi, imakokabe mpweya wochuluka, koma dizilo amangoloŵa kadontho kokwanira kuti isazime. Kamoto kakang'ono kameneka sikatha kutenthetsa chitsulo cholemera pafupifupi tani yathunthu, ndipo mpweya wozizira wa usiku umene ukudutsamo umachotsa ngakhale kutentha kochepa kumene kulipo. Mayi aliyense wophika ndi nkhuni zaziŵisi amadziŵa zotsatira zake: moto wonyeka mofooka umafuka kwambiri ndipo umadetsa mphika. M'kati mwa silinda namo mumatsala mwaye, dizilo wosapsa ndi chinyezi, pakuti mafuta aliwonse akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi. Pa usiku wa maola 8, injiniyo imakhala itazungulira ka 288,000 m'mkhalidwe woterewu, galimoto isanasunthe ngakhale phazi limodzi.

Choyamba kuvutika ndi khoma la silinda. Pisitoni iliyonse ili ndi timikombero tachitsulo, timene amakaniko amati maring'i, totseka mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma. Maring'iwo satseka ndi mphamvu yawo yokha ayi. Chimene chimawakanikiza kukhoma ndi mphamvu ya moto wophulika pamwamba pa pisitoni. Moto ukafooka, nawonso amafooka, ndipo utsi ndi dizilo wosapsa zimapeza njira yotsikira kunsi kumene kuli oyilo. Potsika, dizilo amatsuka oyilo amene anayenera kutsalira pakhoma. Khoma limenelo silikhala losalala ngati mbale likamachoka kufakitale: amalilemba dala timizere topingasana, tosaoneka bwino ndi maso, kuti oyilo azikhalamo monga madzi amakhalira m'makwaŵa a mizere ya m'munda. Injini ikazoloŵera kulira yozizira, zotsalira za mafuta zimapsera m'timizeremo mpaka khoma limasalala ngati galasi. Likafika pamenepo, maring'i amangoterereka, oyilo amakwera n'kumapsa pamodzi ndi dizilo, utsi umasanduka wobiriŵira, ndipo dalaivala amayamba kuthira oyilo pa ulendo uliwonse osadziŵa kumene akupita.

Kunsi nako sikukhala mtendere. Oyilo wosakanikirana ndi dizilo amasungunuka n'kutaya mphamvu yake yoteteza mabering'i, ndipo izi zimachitika pa nthaŵi imene pampu ya oyilo ikuzungulira pang'onopang'ono. Chinyezi chija chikakumana ndi sulufule amene amapezeka m'dizilo chimapanga asidi wodya zitsulo. Injini yotentha bwino imaphwetsa chinyezi chotere chisanawononge kanthu, koma yochezera chiimire imachisunga. Nthaŵi zina umboni umaonekera panja: timadzi takuda tonanda timene timatsetsereka polumikizira paipi ya utsi, ija amati ekizozi. Ambiri akaona zimenezi amati injini ikudontha oyilo, pamene kaŵirikaŵiri amakhala dizilo wosapsa wosakanikirana ndi mwaye.

Choopsa n'chakuti ntchito yonseyi siilembedwa pa mita yoŵerenga makilomita. Mwini lole amene amasintha oyilo potsata makilomita okha amakhulupirira kuti oyilo wake akali ndi moyo, pamene wagwira kale maola mazanamazana osaŵerengedwa. Opanga magalimoto ena amalangiza kuti ola limodzi lolira chiimire liziŵerengedwa ngati ulendo wa makilomita pafupifupi 40. Pa muyeso umenewu, usiku umodzi pa chipata cha Mwanza ukufanana ndi ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe.

Zonse zimene zanenedwazi zinkachitikanso pa injini zakale, ndipo zinkapirira kwa zaka chifukwa zinalibe zambiri zoti ziwonongeke. Chasintha zinthu ndi malamulo oletsa utsi woipa. Ku America, malamulo a 1 January 2007 anachititsa kuti malole atsopano akhale ndi sefa yogwira mwaye, ndipo a mu 2010 anabweretsa chipangizo china chotsuka utsi ndi madzi a urea. Ku Ulaya, muyeso wotchedwa Euro VI unayamba kugwira malole onse atsopano mu 2014. Kuyambira pamenepo, kumbuyo kwa injini kunaikidwa zipangizo zodula zimene zonse zimafuna chinthu chimodzi, utsi wotentha, ndipo chimenecho ndicho injini yolira chiimire ilibe.

Sefa ya mwaye, imene pa ntchito amaitcha DPF, imaumbidwa ndi dothi lowotcha lamtundu wapadera, ndipo m'kati mwake imaoneka ngati chisa cha njuchi. Ili ndi timipata zikwizikwi, kamodzi kotsekedwa kutsogolo, koyandikana nako kotsekedwa kumbuyo, kotero kuti utsi umakakamizika kudutsa m'makoma n'kusiya mwaye. Sefa yotere ikanadzaza m'masiku oŵerengeka pakanapanda njira yoiyeretsera, ndipo njirayo ndi moto. Lole ikamathamanga ndi katundu, utsi umatentha madigiri 300 kapena kuposa, ndipo mwaye umanyeka pang'onopang'ono wokha dalaivala osadziŵa kanthu. Kutenthako kukapereŵera, kompyuta ya injini imawonjezera dizilo m'njira ya utsi kuti sefa ifike madigiri pafupifupi 600 n'kuwotcha zonse zimene zaunjikana. Tsono utsi wa injini yolira chiimire kaŵirikaŵiri sufika n'komwe madigiri 200. Usiku wonse mwaye umangoloŵa, wotuluka palibe.

M'maŵa mwake dalaivala amapeza nyale yachikasu itayaka kutsogolo kwa chiwongolero. Akamvera nyaleyo, amaima pamalo opanda udzu wouma n'kulola injini iyeretse sefa, ntchito yotenga theka la ola kapena ola lathunthu ndiponso dizilo wina. Akainyalanyaza chifukwa chothamangira kutsitsa katundu, kompyuta imadula mphamvu ya injini, ndipo lole ya matani 30 imayamba kukwaŵa ngati ngolo ya ng'ombe. Sefa yodzaza mopitirira muyeso ikayatsidwa, moto wake ukhoza kukula mpaka kuing'alula kapena kuisungunula m'kati. Palinso china chimene moto sungachotse. Oyilo uja wokwera pa khoma losalala akapsa amasiya phulusa, ndipo phulusa silinyeka kaŵiri. Limakhala m'sefamo kufikira itamasulidwa n'kukatsukidwa ndi makina, kapena kugulidwa ina kunja kwa dziko.

Zipangizo zinazo zimavutika mofananamo. Pali valavu yotchedwa EGR imene imabweza gawo la utsi m'injini kuti moto usatenthe mopitirira. Utsi wozizira wodzaza mwaye ndi chinyezi umamata phala lakuda pa valavuyo mpaka ikanike kutseguka kapena kutseka. Turbo ya malole ambiri amakono ili ndi tizitsulo tosuntha toongolera utsi, ndipo nato timagwidwa ndi mwaye womwewo. Madzi a AdBlue, amene ndi urea wokwana magawo 32.5 pa 100 alionse wosungunulidwa m'madzi oyera, amafuna utsi wotentha pafupifupi madigiri 200 kuti agwire ntchito. Utsi ukazizira, kompyuta imaleka kuwapopera, ndipo pamene apoperedwa kutentha kuli kopereŵera amauma n'kusiya miyala yoyera ngati mchere m'paipi.

Sikuti lole iliyonse yoyenda m'misewu ya Malaŵi ili ndi zipangizo zonsezi. Ambiri mwa malole atsopano ogulitsidwa kuno ku Africa amapangidwa motsata miyeso yakale ndipo alibe sefa ya mwaye, pamene ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya amabwera nazo. Eni ake ena zikawavuta amazichotsa n'kusintha kompyuta kuti isadandaule. Kutero kumazimitsa nyale yachikasu, koma khoma la silinda, maring'i ndi oyilo sizidziŵa kuti sefa yachotsedwa, ndipo zimapitiriza kuvutika monga kale. Chosintha n'chakuti mwaye uja tsopano ukupita m'mapapo a anthu. Omvera asasokoneze nkhani imeneyi ndi ya malole onyamula nyama, nsomba kapena mankhwala. Ngolo zawo zili ndi kainjini kakekake koyendetsa firiji, ndipo kameneko kayenera kuchezera ndithu, injini yaikulu itazima.

Nanga dizilo? Injini ya lole yaikulu imamwa malita pafupifupi 3 pa ola ikamalira chiimire, ndipo imaposa pamenepo ngati choziziritsa mpweya chayatsidwa. Maola 10 ndiye kuti malita 30. Lole ikagona masiku anayi pa chipata kudikira mapepala, malita oposa 100 amapita osayenda nawo mtunda uliwonse. Akatswiri a ku Argonne National Laboratory ku America anaŵerengera kuti lole ya maulendo ataliatali kumeneko imalira chiimire maola pafupifupi 1,800 pa chaka, n'kumwa magaloni 1,500, amene ndi malita oposa 5,600. Kwa dziko longa Malaŵi, limene dontho lililonse la dizilo limagulidwa ndi ndalama zakunja n'kuyenda mtunda wautali kuchokera kudoko, chiŵerengero chotere sichaching'ono. Malita ameneŵa ndiwonso amadanitsa anthu. Mwini lole akaŵerengera makilomita n'kupeza kuti thanki yapereŵera, amafulumira kunena kuti dalaivala wagulitsa mafuta panjira, ndipo munthu wosalakwa akhoza kuchotsedwa ntchito chifukwa cha dizilo amene anapsa iye ali m'tulo. Mlandu wotere lero uli ndi mboni, pakuti kompyuta ya injini yamakono imasunga maola onse olira chiimire pamodzi ndi mafuta amene anapita m'maolawo.

Pali nthaŵi ziŵiri zimene kulira chiimire kumafunikadi, ndipo zonse ndi za mphindi zoŵerengeka. Yoyamba ndi pofika. Turbo imazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi, ndipo lole ikangomaliza chitunda imakhala yotentha koopsa. Kuzimitsa injini nthaŵi yomweyo kumaimitsa oyilo, ndipo wotsalira m'mabering'i a turbo amapserera n'kusanduka makala. Mphindi zitatu kapena zisanu zimakwanira kuiziziritsa. Yachiŵiri ndi ponyamuka m'maŵa, pamene dalaivala amadikira kuti oyilo afike ponseponse ndiponso kuti mpweya wa mabuleki udzaze m'matanki ake. Zikatero anyamuke mofatsa, chifukwa injini ya dizilo imafunda msanga ikamakoka kusiyana ndi ikaima. Mantha akuti mpweya ukatha usiku lole idzatsetsereka alibe maziko pa malole amakono: mabuleki oimikira amagwidwa ndi masipuling'i amphamvu, ndipo mpweya ndiwo umawamasula, kotero ukatha amangogwira zolimba. Lole imene mpweya wake umatheratu usiku uliwonse ili ndi pobowoka pofunika makaniko.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kumuuza dalaivala kuti azimitse injini osafunsa momwe agonere. Ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, kutentha kwa mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, ndipo kachipinda kachitsulo kamene kakhala padzuŵa tsiku lonse sikazizira msanga. Akatsegula mazenera, udzudzu ndi akuba zimaloŵa. Akatseka, thukuta silimugonetsa. Munthu amene sanagone ndiye adzayendetse matani 30 maŵa pakati pa minibasi ndi ana a sukulu. Apa mlandu ukuchoka kwa dalaivala n'kupita kwa mwini lole. Zipangizo zothetsera vutoli zilipo: zoziziritsa kachipinda zoyendera mabatire, injini itazima, zotenthetsa zazing'ono zonga za Webasto ndi Eberspächer, zimene sizimaliza theka la lita pa ola, ndiponso kainjini kapadera kopereka magetsi usiku. Ku California boma linaletsa malole akuluakulu kulira chiimire kupitirira mphindi 5, ndipo kuyambira mu 2008 lamuloli linakhudzanso malole okhala ndi kachipinda kogona, zimene zinafulumizitsa eni ake kugula zipangizo zoterezi. Ngakhale mwini wa lole imodzi yekha akhoza kugula mabatire abwino, kukonzetsa sitata, n'kuika fani ndi neti. Zimenezi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kuphwasula injini.

Pamene palibiretu kuchitira mwina, amakaniko amalangiza kukweza liŵiro la injini kufika ka 900 kapena ka 1,000 pa mphindi, ndipo malole ambiri ali ndi batani la ntchito imeneyi. Moto umakulirapo ndipo oyilo amayenda bwino, ngakhale dizilo amapita wochulukirapo. Kumeneku n'kuchepetsa chabe bala, ndipo dalaivala wotero ayenera kuuza makaniko wake kuti oyilo asinthidwe nthaŵi isanakwane.

Utsiwo ulinso ndi eni ake ouputa. Mu June 2012, bungwe la International Agency for Research on Cancer, nthambi ya World Health Organization yokhala ku Lyon m'dziko la France, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zodziŵika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Pa chipata, malole amaima moyandikana, ndipo usiku wopanda mphepo utsi wa lole imodzi umaloŵa m'kachipinda ka inzake. Amayi ogulitsa nsima ndi tiyi, ana ali kumbuyo, amaupuma mpaka mbandakucha. Ekizozi ikakhala yobowoka kunsi kwa kachipinda, woyamba kuupuma ndi dalaivala mwini, atatseka mazenera onse.

Wofuna kugula lole yogwiritsidwa kale ntchito akhoza kuidziŵa mbiri yake ya usiku asanapereke ndalama. Apemphe makaniko aŵerenge maola a injini pa kompyuta, kenaka agaŵe makilomita ndi maolawo. Malole aŵiri akhoza kuonetsa makilomita 500,000 onse, koma ina ili ndi maola 9,000, inzake 20,000. Yoyambayo yakhala ikuyenda makilomita pafupifupi 55 pa ola lililonse limene injini inalira. Yachiŵiriyo ikungokwana 25, ndipo pokhapokha ngati inali yogwira ntchito m'tauni kapena pa malo omanga, gawo lalikulu la maola amenewo inalira ili chiimire. Pa lole yotere, makaniko ayese mphamvu ya masilinda ndi kuyang'ana m'kati mwa sefa mtengo usanakambidwe.